Mmene a Nachisale Anayezera Mfumu Sayezeka

Kuseri kwa mapiri amene wojambula mapu anawaiwala kuli ufumu wotchedwa Tionerapatali, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Musayandikire. Anthu ake ndi okoma mtima, opemphera, okonda kuimba. Mulungu anawadalitsa ndi nthaka yachonde, mvula ya panthawi yake, ndiponso nduna makumi atatu kuti asadzitukumule ndi madalitso enawo.

Mfumu ya dzikolo inali Sayezeka Wachitatu, ndipo dzinali silinali lamasewera. Lamulo loyamba la ufumuwo linkati munthu wobadwa mwa mkazi asayeze mfumu, asaikhudze, asaiyandikire. Pabwalo la nyumba yachifumu panali mizere isanu ndi iwiri yozungulira, yolembedwa ndi njereza, wina mkati mwa unzake ngati anyezi wodulidwa pakati. Anthu wamba ankaima pa mzere wakunja kwenikweni pamodzi ndi mbuzi zawo. Akalaliki, asilikali ndi nduna ankaima chamkati, aliyense monga mwa ulemerero wake. Nduna Yaikulu, a Gwaditsani, ndiwo okha ankafika pa mzere wachiwiri. Panalinso mwambo wakuti munthu akakwezedwa, nachoka pa mzere wake kulowa wamkati, aimbe ndime imodzi ya nyimbo, ndipo akamayandikira kwambiri azikwezanso mawu kwambiri. Nchifukwa chake nduna zonse zinali zosasa mawu.

Pakati pa mizere yonseyo panali Mkanjo wa mfumu. Unali wotalika ngati tchalitchi cha mishoni, chisoti chachifumu chili pansonga ngati mbalame yotera padenga. Mfumu yeniyeniyo panalibe amene anaiona kwa zaka makumi anayi. Mawu ake ankatuluka mkatimo pa chimkuzamawu, ndipo makalata a malamulo ankatulukira pansi pa mpendero atadindidwa ndi chala chachikulu cha mfumu, ndi inki yofiirira. Kalata yopanda chala chimenecho inali pepala wamba, lokulungira usipa.

Zaka zingapo zikapita, mfumu inkafuna mkanjo watsopano. Telala ankaitanidwa, n'kuima ndi mbuzi, n'kupenyetsetsa chapatali, n'kupita kukasoka. Mkanjo watsopanowo unkavekedwa pamwamba pa wakale, poti kuvula wakale kukanatanthauza kuti mfumu yachepa. Sipankapita masabata awiri chimkuzamawu chisanakuwe kuti, "Wathina!" Pamenepo kalata inkatuluka pansi pa mpendero, ndipo telalayo ankatumizidwa ku Dambo la Sabwerako, kumene udzudzu umachita kupanga mzere podikira munthu. Atelala khumi ndi mmodzi anali atapita kale.

Wachikhumi ndi chiwiri, amenenso anali wotsiriza m'dziko lonselo, anali a Elifazi Kaulusi, kamunthu kowonda kamene mphepo ya mu Julaye inkakapepesa isanakadutse. Ankasokera pakhonde la sitolo mumsika wa Manong'onong'o, ndipo pambali pawo akazi awo, a Nachisale, ankagulitsa zitumbuwa. A Nachisale anali mayi amene Mlengi anawaumba tsiku limene dothi linali lambiri ndipo Iye anali wokondwa. Ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi kumpingo, ndipo akayambitsa nyimbo, ngakhale ogontha ankatsegula buku.

Lolemba lina m'mawa a Elifazi analandira kalata yoti asoke mkanjo wa chikondwerero cha zaka makumi anayi. Anakhala pamakina awo osokera osapalasa ngakhale kamodzi. Ndi mmene anawapezera Dokotala Mwandida, mng'ono wake wa a Nachisale, amene anaphunzira sayansi ya tizinthu tosaoneka kumaiko akunja ndipo tsopano ankaphunzitsa kusukulu ya ukachenjede.

"Alamu, nkhope imeneyi ndi ya maliro a ndani?" anafunsa Mwandida akudzitengera chitumbuwa.

"Anga omwe, mlamu. Ubwere ndi nyimbo."

"Aa, inu simungafe. Imfa ingakupezeni pati? Mukaima cham'mbali simuoneka."

"Usawaseke amuna anga," anatero a Nachisale, akupukuta misozi ndi chitenje. "Akufuna mkanjo kuchifumu."

Mwandida analeka kutafuna. A Elifazi anamuonetsa tepi yawo yoyezera, imene inali lende m'khosi. "Zaka makumi atatu ndayeza anthu ndi tepi iyi. Akwati, abusa, mitembo. Koma chinthu chimene sungachiyandikire umachiyeza bwanji?"

"Ndiye ntchito yanga imeneyo, alamu!" Mwandida analanda choko cha telala n'kugwada pasimenti. Anajambula kadontho, n'kukazunguliza mizere. "Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi timaatomu. Pakati pa atomu pali phata, ndipo m'phatamo ndi mmene muli mphamvu ya magetsi imene imakoka zonse. Kunja kumazungulira tinthu topepuka totchedwa maelekitironi. Popeza n'topepuka, timazungulira kutali, ndipo kwa ito phata lija ndi kadontho chabe. Mutatifunsa kuti phata n'lalikulu bwanji, tingokuuzani kuti n'lamphamvu, n'lamphamvu."

"Nduna zimenezo," anatero mayi wogulitsa tomato, osadzutsa mutu.

"Koma pali kanthu kena kotchedwa myuwoni. Kamafanana ndi elekitironi m'zonse, kungoti n'kolemera kuiposa maulendo mazana awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Tikakaponya mu atomu, kulemera kwakeko kumakatsitsira pafupi penipeni ndi phata. Kamatsika mzere ndi mzere, ndipo pa mzere uliwonse kamatulutsa kuwala konga kuja amaunikira nako mafupa kuchipatala. Kakamayandikira, kuwalako kumakulirakulira. Ife timakhala panja n'kumayeza. Phata likanakhala kadontho, kuwala kotsiriza kukanakhala koopsa. Koma phata likakhala lotambalala, myuwoni amalowa mkati mwake, sakokedwanso ndi mphamvu yonse, ndiye kuwala kotsirizako kumachepa. Pa kuchepa kumeneko timadziwa kukula kwa phata, ndi mmene mphamvu inamwazikira m'menemo."

A Nachisale anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. "Ndiye kuti wopepuka amangotamanda, wolemera ndiye amayeza."

"Mwakhoza mayeso, achemwali."

Mumsika wa Manong'onong'o, mawu amene wanena m'mawa amafika kuchifumu masana atavala jekete. Lachiwiri Mwandida anaitanidwa kubwalo la nduna. Sikuti ndunazo zinkamvera chisoni a Elifazi ayi. Vuto linali lakuti telala wotsiriza akapita ku Dambo, padzasowa wosoka zigamba, pamene mathalauzi a nduna zambiri anali atayamba kale kulankhula kumbuyo.

Mwandida anaima ndi mbuzi n'kufotokoza zonse mokuwa. Nduna zinagwedeza mitu mwanzeru kwa maola awiri, kenaka Nduna ya Malamulo inaimirira.

"Lamulo likuletsa munthu wobadwa mwa mkazi. Kodi myuwoni amabadwa mwa mkazi?"

"Ayi, bwana. Amabadwira m'makina, ena amagwa kuchokera kumlengalenga."

"Ndiye lamulo silikumukhudza!"

Nduna zinaomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Nduna ya Sayansi ndi Maliro inafunsa ngati myuwoni angaitanitsidwe kunja pa ndege, ndipo ngati angafunike nduna yomuperekeza. Mwandida anayankha kuti sizingatheke, chifukwa myuwoni sakhalitsa. Diso lisanaphethire amakhala atatha, atasanduka tinthu tina, ndipo tina mwa ito timadutsa khoma popanda wotiona.

"Ngati sitingamugule, timusankha," anatero a Gwaditsani. "Kodi dziko lino linasowapo munthu woti n'kumupatsa udindo?"

"Bwana, sindimatanthauza kuti..."

Koma ng'oma zinali zitalira kale. Madzulo asanafike kalata inatuluka pansi pa mpendero, chala chofiirira chili bwinobwino, ndipo wolengeza anaiwerenga pakati pa msika:

"Tamverani, inu a Tionerapatali, inu mbuzi zawo, ndi inu alendo odutsa! Popeza ufumu uno unali patsogolo pa sayansi sayansiyo isanabadwe, talamula izi. Choyamba: munthu wolemera thupi kuposa onse adzaleka kukhala munthu, adzakhala Myuwoni wa Ufumu. Chachiwiri: Myuwoniyo adzatsika mizere yonse akuimba monga mwa mwambo, nadzayeza Mfumu. Chachitatu: akadzatha kuyeza, adzatha nayenso, monga sayansi ifunira. Kuyambira pamenepo palibe adzamuone, ndipo womuona adzakhala wotsutsa sayansi ndi Mfumu yomwe. Chachinayi: mkanjo ukadzathinabe, telala adzapita kumene anapita anzake."

"Mfundo yachitatuyo ndaikonda," anatero mayi wa tomato uja. "Ife tatha zaka makumi anayi boma lisakutiona, koma sanatipatseko udindo."

Lachitatu anabweretsa sikelo yoyezera mabelo a fodya. Nduna zinakana kukwerapo, ponena kuti mimba zawo ndi katundu wa boma ndipo siziyezedwa pagulu. Wogulitsa nyama, amene aliyense ankayembekezera kuti ndiye aposa onse pa sikelo, atamva zoti myuwoni amatha, analengeza kuti wayamba kusala kudya kwa masiku makumi anayi ndipo anathawira kuphiri. Anthu onenepa onse anayenda tsiku limenelo atakoka mimba mkati, osapuma bwino.

A Nachisale anavula mpango wakumutu, napatsira amuna awo lichero la zitumbuwa.

"Amayi, musatero!" anadandaula a Elifazi. "Akuti mudzatha!"

"Abambo, inu mukapita ku Dambo, udzudzu ukakumalizani m'mawa umodzi, n'kudandaulanso kuti sunakhute. Kodi Estere uja sanalowe kwa mfumu osaitanidwa? Iye analowa ndi kukongola, ine ndilowa ndi chimene ndinapatsidwa."

Anakwera. Muvi wa sikelo unazungulira, unafika kumapeto, unanjenjemera, n'kugona pomwepo ngati wochimwa amene walapa. Msika wonse unalulutira, ndipo amayi a kwaya anavina mozungulira sikelo akuimba kuti Mulungu salenga kanthu kopanda ntchito.

Lachinayi dzuwa lili pamutu, mzinda wonse unasonkhana pa mzere wakunja. A Nachisale anavala yunifolomu ya kwaya, tepi ya amuna awo ili m'khosi. Mwandida anakhala pa mpando ndi kope lake, atawerengera kale kuti ngati mfumu ndi kadontho kamodzi ka mphamvu zonse monga zinkanenera nduna, ndime yotsiriza idzasasula malata a nyumba yachifumu.

A Nachisale anaponda mzere wachisanu ndi chimodzi n'kuyamba nyimbo imene anaipeka okha: "Mzere uwu ndawoloka, Mwini mizere ndi Inu." Mbuzi zinaleka kudya. Pa mzere wachisanu agalu akumsika anavomereza. Pa wachinayi magalasi a mawindo ananjenjemera. Pa wachitatu chipewa cha Nduna ya Malamulo chinauluka n'kukatera pamtengo wa mango. Pa wachiwiri mamendulo a pachifuwa cha a Gwaditsani analira okha ngati mabelu a Khirisimasi.

"Zikugwirizana! Zikugwirizana!" ankakuwa Mwandida, akulemba mothamanga. "Alamu, tsekani makutu, mungauluke!"

Koma panali chinthu chimene palibe anachiganizira. Mikanjo khumi ndi umodzi ija inali itatambalala mpaka kukwirira mzere woyamba. Kuti aupondepo, a Nachisale anayenera kulowa mkati. Anakweza mpendero, nawerama, nazimiririka.

Anthu anagwira zipewa zawo. A Elifazi anakumbatira mtengo. Ndipo kuchokera mu Mkanjo munatuluka ndime yotsiriza, yofewa, yapansipansi, ngati ya mayi amene akugoneka mwana wodwala malungo.

Mwandida anadumpha n'kuponya kope m'mwamba. "Si kadontho! Si kadontho! Mphamvu inamwazikana! Alamu, bwerani tivine!" Ndipo anawanyamula a Elifazi n'kuwazunguza, iwo akukuwa kuti awatsitse poti ndi mkulu wa mpingo.

Zimene zinachitika mkatimo ndi izi. A Nachisale atadutsa nsalu khumi ndi imodzi, anapezeka m'chimdima chonunkha nyama yootcha. Maso atazolowera, anaona anthu. Anawawerenga: makumi anayi ndi atatu. Aliyense anali atagwira nsichi yochirikiza Mkanjo ndi dzanja limodzi, ndipo kudzanja linalo anali ndi kanthu kake. Wina makiyi a nkhokwe za dziko, wina chimkuzamawu, wina botolo la inki, wina mwendo wa nkhuku. Kumbali kunali mabedi, wailesi, ndi mbuzi yomangidwa.

"Odi! Ndinu ayani muno?"

"Ndine mlamu wake wa mfumu," anayankha wa makiyi.

"Inenso mlamu wake," anatero wa chimkuzamawu. "Uyu ndi mlamu wanga. Awo ndi alamu a mlamu wangayo. Tasunthani, mayi, muno n'mothina kale."

Apa ndi pamene a Nachisale anamvetsa chimene chinapititsa atelala khumi ndi mmodzi ku Dambo. Mkanjo ukakula, alamu ankaitana alamu awo.

Anadzipanikiza mpaka pakati. Pamenepo, pa kampando kofupika mwendo umodzi, panali kankhalamba kovala vesiti yobooka, mapazi ali pa simenti yozizira, kakuwodzera. Ndi kamene kanawachititsa kutsitsa mawu poimba.

"Agogo, pepani kukudzutsani. Mfumu ili kuti?"

"Ndine, mwana wanga." Nkhalambayo inatukula chala chachikulu. Chinali chofiirira mpaka m'chikhadabo. "Kodi kunja mvula inagwa chaka chino?"

A Nachisale anagwada, ndipo nthaka inamva. "Inagwa bwino, Mfumu. Ndatumidwa kudzakuyezani. Takwezani manja."

Tepi itangokhudza m'khwapa, mfumu inaphulika ndi kuseka. Inaseka mpaka misozi, ikupinda miyendo. "Mukundigirigisha! Iii, pitirizani! Zaka makumi anayi palibe wandikhudza kupatula chala ichi." Itapuma inafunsa monong'ona, "Tandiuzani zoona. Ndine wamkulu bwanji?"

"Chifuwa mainchesi makumi atatu ndi awiri, Mfumu. Jekete la amuna anga lingakukwaneni, ndipo amuna angawo anthu amawasokoneza ndi ambulera."

"Zoona? Ankandiuza kuti mapewa anga afika kumalire."

"Ngakhale Davide, atamuveka zovala zankhondo za Sauli, analephera kuyenda nazo. Sanachimwe pozivula."

Mfumu inayang'ana alamu ake, amene panthawiyo ankalimbirana chimkuzamawu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana kumene inali. "Mayi, dzuwa likadalipo kunjako?"

"Lilipo, ndipo n'laulere."

"Ndinyamuleni. Miyendo inaiwala ntchito."

A Nachisale anamasula chitenje, naibereka mfumu kumsana monga anaberekera ana awo asanu ndi mmodzi, namanga mfundo pachifuwa. Anadutsa alamu makumi anayi ndi atatu, nsalu khumi ndi imodzi, n'kutulukira padzuwa.

"Myuwoni watha!" anakuwa a Gwaditsani nthawi yomweyo, atatsinzina mwamphamvu. "Wina asamuone! Womuona ndi woukira!"

Nduna makumi atatu zinatsinzina. Asilikali anayang'ana kumwamba n'kumakambirana za mitambo. A Nachisale anayenda pakati pawo mwaulemu, napondako phazi la Nduna ya Malamulo, imene inalira mwakachetechete poti sikanatha kudandaula za munthu amene kulibe. Kumsana kwawo kamutu ka imvi kanali kusuzumira uku ndi uku, kakumwetulira dzuwa.

Anthu wamba pa mzere wakunja anaona zonse, ndi chala chofiirira chimene chinagwira phewa la a Nachisale anachionanso.

"Mwaonapo kanthu, asisi?" anafunsa wogulitsa makala.

"Ine? Ine ndimalemekeza sayansi," anayankha mayi wa tomato.

Lachisanu a Elifazi anasoka jekete la mainchesi makumi atatu ndi awiri, lokhala ndi matumba awiri oikamo mtedza, ndipo mwini wake analivala pakhonde pomwepo. Linakwana ngati khungu. Tsiku la chikondwerero litafika, a Gwaditsani anatuma asilikali kudzatenga mkanjo watsopano.

"Ndinasoka monga mwa muyezo, ndipo unakwana," anatero a Elifazi.

"Uli kuti?"

"Funsani Myuwoni, ndiye anabweretsa muyezo."

Asilikali anayang'ana paliponse kupatula pamene a Nachisale anakhala akukazinga zitumbuwa. Anamugwira telala n'kupita naye kubwalo. Chimkuzamawu chinakuwa kuti, "Ku Dambo!" A Gwaditsani analemba kalata, naikankhira pansi pa mpendero kuti idindidwe. A Elifazi anatseka maso n'kuyamba kupereka mzimu wawo.

Mkatimo munamveka phokoso. Mabedi anakokedwa, mbuzi inalira, wina anafunsa kuti mfumu anaiona liti komaliza. Kalata inatuluka yopanda chala. A Gwaditsani anaibweza. Inatulukanso ili ndi zala makumi anayi ndi zitatu, zonenepa, zamafuta a nkhuku. Nduna ya Malamulo inaziyerekeza chimodzichimodzi ndi chala cha pa makalata akale, ikutsimphina, ndipo pomaliza inalengeza ndi chisoni kuti pepalalo n'lokulungira usipa.

"Telala adikire kwawo mpaka chala chipezeke," analamula a Gwaditsani. Kenaka anatsitsa mawu. "Ndipo podikirapo, bambo Kaulusi, pali thalauzi langa lina."

Abale anga, Iye amene amatsitsa odzikuza ali ndi njira zambiri, ndipo zina mwa izo n'zoseketsa. Mkanjo uja ulipobe pabwalo. Nduna zimauombera m'manja m'mawa uliwonse, chimkuzamawu chimakuwa, koma popeza palibe lamulo limene ladindidwa kuyambira tsiku lija, chimanga chimacha bwino ndipo anthu ananenepa. Kumsika, pakhonde la telala, pamakhala nkhalamba ya jekete lokwana imene imaothera dzuwa n'kumasokerera mabatani. Aliyense amaitchula agogo, ndipo palibe amaifunsa za chala chake.

Chala chimenecho chinagwiranso ntchito kamodzi kokha. Inki isanasuluke, a Nachisale analembetsa kalata kwa Mwandida, nanyowetsa chalacho ndi madzi a m'kapu, nachidinda pansi pake. Kalatayo inapezeka m'mawa pafupi ndi mpendero wa Mkanjo, ndipo palibe anaona amene anaisiyapo. Nduna ya Malamulo inati chalacho n'chenicheni. Patapita sabata, atelala khumi ndi mmodzi analowa mumsika akuimba, owonda, odzaza zipsera za udzudzu, aliyense atasenza makina ake pamutu.

A Elifazi anawakumbatira onse akulira, nathokoza Mulungu mokweza. Madzulo ake anayang'ana khonde lawo, limene tsopano linali ndi makina khumi ndi awiri, mpando wa agogo, ndi lichero la zitumbuwa, iwo eni atatsala ndi kampata kokwana tako limodzi.

"Amayi," anatero monong'ona, "pano pathina."

"Mukadandaule kwa mfumu," anayankha a Nachisale. "Ili pambali panupo, ikufuna ulusi wakuda."